Lero pakuwawa ndi pati?

Makina anga osokera ali pakhonde la sitolo ina pa Chitakale, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Ndasoka pamenepo zaka 14, ndipo zaka zonsezo msana sunandivutepo, kupatula kutopa kwa nthawi yotsegulira sukulu pamene makolo onse amafuna yunifolomu tsiku limodzi. Kutopa koteroko ukagona kumatha. Ululu umene ndikufuna kukuuzani ndi wina. Unayamba mu Juni 2023, patapita miyezi itatu chidutsireni namondwe wa Freddy, ndipo zinanditengera miyezi ina 8 kuti ndione kuti ziwirizi zinali pachibale.

Anzanga a kuno ku Mulanje simufunika kukumbutsidwa. Mvula inayamba cha pa 11 Malichi n'kugwa masiku angapo osakata, phiri linagumuka, napolo anatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Tili ana, amayi ankatisimbira za napolo wa ku Phalombe wa 1991, ife n'kumamva ngati nthano ya kutali. Amayiwo ankakhala kwa Njema, kufupi ndi Muloza, ndipo mng'ono wanga anamanga pambali pawo. Usiku umenewo iye anatulutsa ana ake atatu ndi amayi, n'kuwafikitsa pamtunda, kenako anabwerera kukatenga mabulangete chifukwa wamng'ono ankanjenjemera. Sanabwerenso. Boma litawerenga linati anthu oposa 600 anafa ndipo ena oposa 500 anasowa. Mng'ono wanga ali m'gulu la osowawo mpaka lero.

Miyezi itatu yotsatira sindinadwale ngakhale chimfine. Ndinayenda m'mphepete mwa Ruo ndi achimwene, kufunsa aliyense amene wamva zoti kwapezeka mtembo. Ndinakatenga amayi ndi ana kukampu ya pasukulu n'kubwera nawo kwanga, m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe tinakhala anthu 9. Bambo a kunyumba amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndipo aliyense wa kuno amadziwa kuti mvula ikatha masamba amachepa, ndalama nazo zimachepa. Ndinkasoka mpaka mdima. Anthu ankati, "Koma ndiye ndinu olimba mtima," ine n'kumathokoza. Sindinalire, poti panalibe maliro oti ndilirepo.

Chiperoni chitafika, tsiku lina ndinadzuka khosi litauma, osatheka kucheuka. Ndinati ndagona molakwika. Patatha sabata ululu unatsikira m'mapewa, kenako pakati pa msana, ndipo mutu unkangokhala ngati wina wandimanga duku n'kumalikoka kumbuyo. Ndinasintha mpando wa pamakina, ndinasintha pilo, ndinanamizira kuzizira. Chiperoni chinapita, kunja kunayamba kutentha, ululu uli pompo.

Kuchipatala ndinapita kanayi. Anayeza malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi, HIV, anajambulanso msana. Zonse zinali bwino. Sindikuwadandaula, anachita ntchito yawo pamzere wa anthu ambirimbiri, ndipo kuyeza konseko kunali kofunika. Koma mawu akuti "sitikupeza vuto, amayi" amalemera ukamabwerera nawo kunyumba kumene anthu akudikira kumva dzina la matenda. Wodwala malungo amamuphikira phala. Wodwala matenda opanda dzina amamuyang'ana cham'mbali. Mlamu wanga wina ananena ine ndikumva kuti anthu ena akatopa ndi ana a eni amayamba kudwala. Mawu amenewo anandilasa kuposa msanawo.

Tili ndi banki m'khonde imene imakumana Lachinayi lililonse masana. Tsiku lina mu Ogasiti, titatha kuwerenga ndalama ndi kutseka bokosi, mayi wina wothyola tiyi anandigwira pamkono. "Achemwali, ndakuonani mukungofinya khosi chiyambire. Latani?" Nditamufotokozera anati, "Mutu ngati duku lothina, eti? Nanga m'mawa simudzuka nsagwada zitatopa ngati munagonera kutafuna chimanga chokazinga?" Ndinangomuyang'ana pakamwa. Za nsagwadazo ndinali ndisanauzepo munthu.

Tinatsalira pansi pa mtengo wa mango anthu awiri. Sabata yotsatira tinali anayi, ndipo pofika Okutobala tinakwana 7: wothyola tiyi uja, mayi wogulitsa nanazi pamsewu, akazi a aphunzitsi ena, amayi awiri ochita geni ku Limbuli, ine, ndi mayi wachikulire amene tonse timawaitana kuti anganga.

Ndisanatchule choipa chilichonse, ndinene kaye ichi: amayi amenewa anandichotsa pamalo oipa kwambiri. Munthu amene ululu wake sukuoneka kuchipatala amayamba kudzikayikira yekha. Ndinkadzifunsa ngati mutu wayamba kusokonekera, kapena ngati mlamu uja ankanena zoona. Pansi pa mango paja panalibe wondifunsa umboni. Ndikati msana ukuyaka, onse ankagwedeza mutu chifukwa motowo ankaudziwa. Tsiku loyamba lija ndinagona mpaka m'mawa, koyamba chiyambireni Juni. Ndi iwo anandiphunzitsa kunyika thaulo m'madzi otentha n'kuliika pakhosi. Ndi iwo ankandiperekeza kuchipatala. Ndipo mnzathu mmodzi wa ku Limbuli ali moyo lero chifukwa cha gulu limeneli. Anganga anaona kuti chitenje chayamba kumumasuka m'chiuno, anamva kuti usiku amanyowa ndi thukuta, ndipo anamukalipira mpaka anabwerera kuchipatala. Anamupeza ndi TB, anayamba mankhwala, anachira.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono moti sindingaloze tsiku lake. Chimene ndikukumbuka ndi moni. Poyamba tinkapatsana moni wa masiku onse, mwaswera bwanji, ana ali bwanji. Kenako moni wathu unakhala wakuti, "Lero pakuwawa ndi pati?" Tinkazungulira mmodzimmodzi, aliyense kupereka lipoti la sabata yonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Linali funso lachikondi. Koma ukadziwa kuti funso likubwera Lachinayi, yankho umayamba kulikonza kuyambira Lachisanu.

Ndinkadzuka tambala woyamba asanalire, n'kugona chagada osasuntha, kumamvetsera thupi. Khosi lili bwanji? Nanga phewa lamanja? Ndinkapotoza mutu pang'ono kuti ndione ngati pakuwawa, ndikapanda kumva kanthu ndinkapotozanso kwambiri mpaka ndipapeze. Pamakina maso ankakhala pamsoko koma maganizo ali pamsana. Tsiku lina akazi a aphunzitsi aja anafotokoza kuti ululu wawo watsikira kumkono ndipo zala ziwiri zikuchita dzanzi. Anafotokoza bwinobwino, mpaka kutionetsa zalazo, chaching'ono ndi chinzake. Lamlungu m'tchalitchi, tili pakati pa nyimbo, zala zanga ziwiri zomwezo zinachita dzanzi. Sindinanamizire ayi. Dzanzilo ndinalimva monga mmene mukumvera foni m'manja mwanu panopa.

Kunabweranso nkhani za anthu amene sitinawaonepo. Wina wa ku Luchenza anayamba chonchi, pano sayenda. Wina wa ku Thyolo ankangoti khosi, khosi, mapeto ake anamupeza ndi chotupa. Nkhani za amene anachira sizinkafika pansi pa mango, chifukwa wochira amakhala ali kumunda kapena kumsika, alibe nthawi yodzatiuza. Kuchokera m'nkhani zimenezi tinadzipangira malamulo: osasenza ndowa, osawerama, osagwira khasu, osakwera kabaza pamsewu wa mabampu. Ine ndinawasunga onse. Ndinayamba kusoka theka la tsiku, makasitomala n'kumapita kwa atelala ena. Mu Novembala kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa nsalu, ulusi ndi zipi unakwera limodzi ndi wa chimanga. Ngongole yanga ya kubanki m'khonde inayamba kubereka. Usiku ndinkawerengera ndalama m'mutu, m'mawa khosi n'kukhala ngati thabwa, Lachinayi n'kukapereka lipoti loti matenda akukula.

Za ufiti nazo sindibisa, zinanenedwa. Kwathu kuno munthu akadwala chosaoneka kuchipatala, funso lotsatira limakhala lakuti ndani. Wina anandifunsa ngati telala mnzanga wa khonde loyandikana ndi langa sanatengepo kansalu kanga. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kumubwereka sizasi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kudula kolala. Iye sanadziwe chimene analakwa.

Aliyense ankabweranso ndi timapepala ta mapilitsi tomanga kunsonga ya chitenje. Panado, brufen, indosidi, diclofenac, tinkagawana ngati mtedza. Ine panado ndinkamwa tsiku lililonse, nthawi zina osawerenga n'komwe.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbuka ndi cha mayi wa nanazi. Mu Januwale anajomba masabata awiri, n'kubwera akumwetulira. Anati geni inamuchulukira, wakhala akunyamula madengu kuchokera kumunda, ndipo wangozindikira kuti msana wasiya. Panali zii. Kenako wina anati, "Ndiye kuti inu sanali matenda enieni ngati athuwa." Mayiyo anaseka pang'ono, anakhala mphindi zochepa, n'kutsanzika. Sanatsalirenso nafe. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinamuikire kumbuyo. Mumtima ndinagwirizana ndi wonenayo, chifukwa kuchira kwa mnzanga kunkaoneka ngati kukundiimba mlandu. Gulu limene linandilandira chifukwa cha ululu linafika poti munthu sungakhalemo ulibe ululu.

Chimene chinanditulutsa ndi singano. Mnzathu wina anapatsidwa kuchipatala mapilitsi omwa usiku, ndipo ankati amagona nawo bwino. Anandigawira anayi. Ndinamwa awiri nthawi imodzi. M'mawa ndinafika pamakina mutu ukulemera, kukamwa kuli gwa. Ndinkasoka siketi ya sukulu ya buluu, ndipo ndinangoona nsalu ikuda pafupi ndi chala changa. Singano inali italowa pachikhadabo n'kuthyokera momwemo.

Anamwino amene anachotsa kachidutswako anandifunsa chimene ndinamwa. Nditatulutsa timapepala tonse ta m'chikwama changa, anatiyala patebulo n'kukhala chete kanthawi. Kenako anatenga kabuku kanga ka kuchipatala, anawerenga masamba onse kuyambira Juni, n'kundiuza kuti ndibwerenso Lachiwiri kudzaonana ndi anzawo oona za maganizo. Ndinapsa mtima. "Anesi, mukuti ndine wamisala? Mukufuna munditumize ku Zomba?" Anayankha mofatsa kuti, "Ayi amayi. Bwerani basi, mudzangocheza nawo. Mukapanda kukonda simudzabweranso."

Ndinapita, makamaka chifukwa chala chinafunika kutsukidwa tsiku lomwelo. Munali mu Febuluwale 2024. Ndinapeza anamwino aamuna, a imvi pang'ono. Sanandifunse kuti pakuwawa ndi pati. Anafunsa kuti panyumba tilipo angati. Nditati 9, anafunsa kuti chaka chatha nthawi ngati ino tinalipo angati. Ndinati asanu. "Anayi enawo anabwera bwanji?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe mwachidule monga ndinkayankhira aliyense, koma mawu anakanirira pakhosi. Khosi lomwe lija. Ndinalira mpaka kabuku kananyowa pamiyendo panga, iwo ali phee, osandiletsa.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chimandidabwitsabe. Miyezi 6 yonse pansi pa mango, Lachinayi lililonse, ndinali nditafotokoza fupa lililonse la msana wanga, koma dzina la mng'ono wanga sindinalitchulepo ngakhale kamodzi. Ndipo sindinali ndekha. Wothyola tiyi uja nyumba yake inagwa ndi Freddy yemweyo. Akazi a aphunzitsi aja amuna awo anali atakwatira kwina mobisa. Tonse tinkadziwa nkhani za wina ndi mnzake, poti pamudzi sipabisika kanthu, koma tinkakambirana za mapewa. Za mapewa sizichititsa manyazi kunena, ndipo sizigwetsa misozi.

Zimene bambowo anandifotokozera ndiziika m'mawu anga. Munthu akakumana ndi zoopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwamba, minofu ya khosi, mapewa, nsagwada ndi msana imakungika kukonzekera kuthawa kapena kulimbana. Zimenezi zimapulumutsa munthu usiku wa napolo. Vuto limabwera pamene zoopsa zadutsa koma thupi likadali tcheru, kapena pamene nkhawa ya ngongole ndi ufa ikubwera tsiku ndi tsiku. Minofu ikakhala yokungika miyezi imawawa, tulo timasokonekera, ndipo munthu wosagona amamva ululu msanga. Chinanso, ululu sumangochokera pamalo pamene pakuwawapo. Mitsempha imatumiza uthenga, koma ubongo ndi umene umaweruza kuti uthengawo ndi woopsa motani. Ubongo wa munthu wamantha, amene tsiku lonse akumvetsera msana wake ndiponso wamva kuti wina wa ku Luchenza sayenda, umakuza ngakhale kauthenga kakang'ono. N'chifukwa chake zala zanga zinachita dzanzi nditamva za zala za mnzanga. Anati, "Ululu wanu ndi weniweni, amayi. Simukunamizira, ndipo si misala. Koma msana wanu si wothyoka. Mukhoza kuugwiritsa ntchito."

Ine ndinazimva mwa utelala. Makina akakunga ulusi kwambiri, msoko umakwinyika ndipo ulusi umaduka pafupipafupi. Wosadziwa amasintha singano, amasintha nsalu, amanena ulusi kuti ndi wachabe, pamene chofunika n'kumasula kachitsulo kokungira ulusi. Miyezi 8 yonse ine ndinkasintha singano.

Anandiuzanso kuti ululu wopitirira miyezi itatu madokotala amautenga ngati nkhani payokha, ndipo kuyambira 2022 buku la mayina a matenda la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lili ndi malo a ululu wokhalitsa umene sukuchokera ku chilonda kapena ku matenda ena. Kwa ine chimenechi chinali chachikulu, chifukwa chimene ndinkasowa popita kunyumba maulendo anayi aja chinali dzina.

Za mapilitsi ananena zimene ndikufuna aliyense azimve. Munthu akamamwa panado kapena brufen masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi ingapo, mankhwala omwewo amatha kuyambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku: mphamvu yake ikatha mutu umabwerera, iwe n'kumwanso. Panado wa 500mg munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 pa maola 24, kupitirira apo amawononga chiwindi. Brufen, indosidi ndi diclofenac ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza kapena kuwamwa nthawi yaitali kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso. Mapilitsi a usiku aja anali abwino kwa mwini wake, pamlingo umene adokotala anamuyezera iyeyo.

Sindinachire tsiku limenelo. Nditasiya panado wa tsiku ndi tsiku mutu unandisautsa kwambiri pafupifupi masabata awiri, monga anandichenjezera, kenako unayamba kupepuka. Ndinayamba kuyenda m'mawa mumsewu wa pakati pa minda ya tiyi, poyamba mphindi 10 zokha, mwamantha ngati ndasenza mazira. Ndowa ndinayamba ndi theka. Tsiku loyamba kusenza msana unawawa, mtima n'kuti waona, wadzivulaza. Ndinakumbuka mawu aja, kuti kwa ine kuwawa sikutanthauza kuti china chathyoka, ndipo mawa lake ndinasenzanso. Pamakina ndimadzuka ndikamaliza chovala chilichonse, kutambasula manja, kukoka mpweya wautali kangapo n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Bambo a kunyumba nditawafotokozera zonsezi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati nawonso kuyambira Malichi uja m'mimba mwawo mumaotcha usiku, koma sanauzepo munthu. Amuna athu ululu wawo amaunyamula okhaokha, alibe ngakhale mtengo wa mango.

Kwa anamwino aja ndinabwererako kasanu. Ankandipatsa pepala kuti ndilembe zonse zondilemera, kenako tisankhe chimodzi chokha chimene chingatheke sabata imeneyo. Anati njira imeneyi ndi imene agogo a ku Zimbabwe amagwiritsa ntchito pamabenchi a pazipatala, pa ntchito ya Friendship Bench imene Dr. Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare mu 2006. Kumeneko vutoli amalitchula kuti kufungisisa, chimodzimodzi ife tikamati kuganiza kwambiri. Choyamba pa pepala langa chinali ngongole. Ndinapita kwa atcheya a banki kukapempha kuti ndizibweza pang'onopang'ono, chinthu chimene ndinachiopa miyezi itatu, ndipo nkhani yake inatha tiyi asanazizire. Chachiwiri chinali kuuza achimwene kuti ana atatuwa sindingawasenze ndekha. Chachitatu ndi chimene chinali chovuta kuposa zonse.

Mu Malichi 2024, chaka chitakwana, tinapita kwa Njema ndi amayi, ana, achimwene ndi abusa. Pamene panali nyumba pali miyala ndi mchenga, sungadziwe kuti panakhalapo anthu, kupatula mtengo wa mapeyala umene unatsala chopendekeka. Tinaimba, abusa anapemphera, ndipo amayi anaitana mwana wawo katatu ndi dzina lake la paubwana. Pobwerera, mwana wamng'ono uja, amene ankanjenjemera usiku umene uja, anandikoka chitenje n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi aakulu, kodi amayi anapita chifukwa cha bulangete langa?" Chaka chathunthu mwana wa zaka 6 anasenza funso limeneli m'nyumba mwanga, ine ndili kalikiliki kumvetsera khosi langa. Ndinamunyamula, ndi msana womwe uja, ndinamuuza kuti ayi, ndi madzi, iwe ulibe mlandu. Ndinamubereka mpaka pamsewu.

Pansi pa mango ndinajomba masabata 6. Ndalama za banki ndinkapereka n'kunyamuka. Ena anakhumudwa, ndipo ndikuwamvetsa. Koma sindinafune kuwataya, chifukwa ndi iwo anandikhulupirira pamene ena ankandiyang'ana cham'mbali. Nditabwerera ndinapempha kuti tisinthe funso. Anganga sanakondwe. "Mwana wanga, ukufuna tizikhala chete tikumva kuwawa? Kunyumba atiletse, kunonso utiletse?" Anali ndi mfundo. Mawondo awo ndi a nyamakazi ya ukalamba, otupa ooneka ndi maso, ndipo wothyola tiyi amene watha tsiku lonse dengu lili kumsana ali ndi chifukwa chinanso chomvera kuwawa. Si ululu wonse umene umachokera ku maganizo, ndipo ndikanalakwa kwambiri kuwauza anganga kuti angosiya kuganiza.

Tinagwirizana kuti wofuna kunena za ululu anene, mwachidule, koma tisamazungulirenso. Funso lozungulira likhale lakuti chakulemera n'chiyani sabata ino, ndiponso wachita chiyani chimene unasiya. Mapilitsi aliyense amwe ake. Nkhani ya munthu amene sitinamuone ndi maso athu isabwere. Awiri anasiya kutsalira, anati zasanduka ngati za kumpingo. Otsalafe sabata yoyamba tinakhala chete nthawi yaitali, tikuyang'ana pansi, mpaka wothyola tiyi uja anayamba kunena za nyumba yake, ndi mmene amadzidzimukira usiku uliwonse mvula ikangogunda pamalata.

Mayi wa nanazi ndinamulondola pamsewu n'kumupepesa. Telala mnzanga uja sindinathe kumuuza chifukwa chake. Ndinangomupititsira sizasi.

Inu amene mukuwerenga muli ndi ululu wanu, musatenge nkhani yangayi ngati chifukwa chosapitira kuchipatala. Ine ndinayezedwa kaye, kanayi. Ngati mukuwonda osadziwa chifukwa, thupi likutentha kapena mukunyowa ndi thukuta usiku, chifuwa sichikutha, miyendo ikufooka, pakati pa miyendo pachita dzanzi, mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka osadziwa kapena chikukanika, pamtima pakuwawa ndipo mukubanika, kapena mutu wayamba mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa wina uliwonse umene munamvapo, pitani lero lomwe. Mnzathu wa TB uja akanangouzidwa kuti ndi maganizo, bwenzi titamuika m'manda. Ngati maganizo afika poti mukulakalaka kufa, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mufike kuchipatala. Zipatala zambiri zazikulu za m'maboma zili ndi anamwino oona za maganizo, ndipo kuonana nawo si kupita ku Zomba. Koma ngati anayeza zonse n'kupeza kuti zili bwino, ndipo muli ndi anzanu amene mumadandaulirana nawo, dziyang'aneni pobwerera kunyumba. Mukubwera mutapepukidwa, kapena mwatenga matenda atsopano oti mukawadikire? Mnzanu akati wachira, mumtima mukumva chiyani? Mafunso awiriwa akanandiuza zoona kalekale ndikanadzifunsa.

Panopa ndimasoka tsiku lonse. Ululu sunatheretu. Umabwera mitambo ikaunjikana paphiri mu Malichi, umabweranso sukulu zikamatsegulira. Usiku wina mvula inagwa yamphamvu, ndinadzuka khosi litauma gwa ngati mu Juni muja. Panado sindinamukhudze. Ndinayatsa tochi, ndinakaona ana onse 6 ali m'tulo, koma amayi ali maso, akuyang'ana kudenga. Ndinakhala pamphasa pawo n'kufunsa kuti, "Amayi, mukumuganiza?" Anati, "Ee. Iwenso?" Tinakamba za iye mpaka mvula inakata, za mmene ankabisira chinangwa chootcha m'thumba la yunifolomu mpaka thumba linapsa, ine n'kulisoka pamanja amayi asanaone. Amayi anati anaona. Kenako ndinakagona, poti m'mawa ndinali ndi madiresi atatu a ukwati oti ndimalize.